Nsanje Inafika Mochedwa kwa a Zamarripa

A Eustolia Zamarripa a ku Weslaco anakhala pabanja zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi ndi mwamuna wosadziwa kuti mkazi wake ali ndi nkhope. A Cipriano ankaidziwa nkhope ya anyezi, ya thonje, ya lole yawo yakale, koma mkazi wawo ankamuzindikira ndi fungo la nyemba. Chaka ndi chaka ankakweza banja lonse m'lolemo kupita ku Michigan kukathyola zipatso m'minda ya eni ake, ulendo wonsewo osalankhula kanthu kupatula kufunsa ngati khofi watsala. A Eustolia akameta tsitsi, bambowo ankazindikira mwezi utatha, n'kufunsa ngati akudwala.

Atapitirira zaka makumi asanu ndi anayi, a Cipriano mutu unayamba kutayikira. Nsapato m'filiji, galu kumuitana dzina la malemu achimwene awo. Zimenezi sizinadabwitse munthu, poti mumsewu mwathu muno theka la ife timatero. Kenaka anayamba kulira masanasana popanda wowamenya, akatonthola n'kutukwana wailesi. Pomalizira pake panabwera chinthu chimene a Eustolia anasiya kuchiyembekezera kalekale: nsanje.

Woyamba kuganiziridwa anali wogulitsa ayisikilimu, uja wokankha kangolo ka belu.

"Iwe Tola, belu lija likuitana ndani?"

"Likuitana ana, nkhalamba iwe."

"Ana ake ati? Ndinakuona dzulo. Bwanji iweyo anakupatsa yaikulu?"

Anatsatira wobweretsa makalata. Kenaka abambo mfumu, obwera ndi ukalistia Lachisanu, amene mlandu wawo unali kugwira a Eustolia pamutu powadalitsa. Mayiwo nthawi imeneyo n'kuti ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu, mawondo otupa, mano ogona m'kapu.

"Ndikuzunzika ine, anzanga," ankatero podandaulira anansi pampanda. Koma ozunzikawo tinawaona atagula zopaka milomo zofiira, ndipo belu likamveka ankatuluka msanga kuposa kale.

Mwana wawo wamkazi, Rosalinda, wogwira ntchito ya muofesi ku Houston, anabwera n'kuwatengera bambo ake kwa dokotala. Dokotalayo, mnyamata wa ndevu zosakwanira, anafotokoza kuti kukayikira anthu, kulira ndi ukali zonsezo ndi matenda omwewo a kuiwala, si chikondi ayi.

"Adokotala, munakwatira inu?" anafunsa a Eustolia.

"Ayi, mayi."

"Zikuoneka."

Dokotalayo anawapatsa a Cipriano mapilisi. Potuluka, Rosalinda ananena poyera: "Amayi, ababa akadzangovulaza munthu, ndikuwapititsa kunyumba yosungira okalamba ku McAllen. Malo ndawaona kale." A Eustolia nyumba imeneyo ankaidziwa. Anzawo awiri analowamo akuyenda, ndipo pokawazonda anawapeza atakhazikidwa pamzere kutsogolo kwa wailesi yakanema, pakamwa yasa.

Tsoka linabwera pa 10 Meyi, tsiku la amayi. Mwana wawo wamwamuna, Baldemar, amakhala pafupi, kungowoloka njanji, koma phazi lake linali litaiwala khomo la makolo ake. Pofuna kuphimba manyazi, analemba ganyu gulu la oimba a mariachi kuti likawaimbire amayi ake pawindo m'bandakucha, monga achitira ana okonda makolo. Chimene anaiwala n'chakuti kuimba pawindo kuli pawiri: amatero mwana kwa mayi ake, amateronso mwamuna wofunsira mbeta. A Cipriano, amene pa unyamata wawo sanatumizepo ngakhale woimba mluzu, mwambo wachiwiriwu ankaukumbukira bwinobwino.

Kunja kukuyera, malipenga anasweka. A Eustolia anasuzumira: amuna asanu ndi mmodzi, mathalauzi othina a mabatani onyezimira, zipewa ngati malichero. Asanapeze mano awo, anamva chitseko chikumenyeka. Munthu amene masiku onse amadzutsidwa pampando ndi anthu awiri anali ali pabwalo, kabudula wamkati ndi chipewa basi, paipi yothirira maluwa m'manja.

Madzi oyamba analowa m'lipenga. Achiwiri anapeza woimba mawu ali pakati pa kukweza. Woimba gitala yaikulu, poti mimba inamuchedwetsa kuthawa, analandira ndodo yoyendera paphewa, gitalayo n'kung'ambika.

"Mpaka asanu ndi mmodzi, Tola? Ngakhale manyazi ulibe?"

Pofika masana Rosalinda anali atafika, chikwama cha bambo ake atalongedza kale. Anakhala kukhitchini atatu, iyeyo, amayi ake ndi Baldemar, a Cipriano akuwodzera pakhonde, atatopa ndi nkhondo.

"Ndinanena, amayi. Munthu wavulala."

"Yavulala ndi gitala. Mwiniwake wadya matamale anga anayi, mikate ya chimanga ija, asanachoke." A Eustolia anatembenukira mwana wawo wamwamuna. "Iwe Baldo, amuna asanu ndi mmodzi atabwera m'mamawa kudzaimba pawindo la mkazi wako Yolanda, iwe osauzidwa, ungawaphikire khofi?"

Baldemar anayang'ana nsapato zake.

"Ndiye wozungulira mutu ndani pano?"

"Amayi, si zoseka izi," anatero Rosalinda. "Lero ndi wa gitala. Mawa ndodo imeneyo idzatera pa inu, muli nokha m'nyumba."

Apa a Eustolia anapukuta milomo yofiira ija ndi kansalu.

"Ukuyesa sindidziwa kuti ndi matenda? Dzana anandifunsa kuti amayi awo abwera liti kuchokera kumunda. Amayi awo tinawaika iwe usanabadwe. Ndikudziwa, mwanawe. Koma kunoko akakwiya ndimadziwa powagwira. Kumeneko adzawamwetsa zogonetsa mpaka aiwale ndi kukwiya komwe, ndiye adzatsala ndi chiyani? Ukawatenga, longedzanso changa. Ukalipire mabedi awiri."

Mabedi awiri aja anamugwetsa mphwayi Rosalinda kuposa mmene misozi ikanachitira. Anakambirana mpaka khofi anazizira. Anagwirizana kuti ndodo ichoke, m'malo mwake pabwere choyendera cha miyendo inayi, chovuta kuchizunguza m'mwamba. Mapilisi azimwedwa, osati kuthiridwa mumphika wa maluwa monga zinkachitikira masiku ena. Baldemar azigona kwa makolo ake Loweruka ndi Lamlungu, iyeyo ndi thupi lake, osatuma malipenga. Wa ayisikilimu apemphedwe kuti azidutsa pakhomopo belu atagwira ndi dzanja.

"Mpaka Khirisimasi," anatero Rosalinda. "Kukachitika kena, sindidzafunsanso munthu."

"Khirisimasi n'kutali. Kabweze malaya a bambo ako m'kabati."

Dzuwa litapendeka, a Eustolia anakoka mpando n'kukhala pambali pa amuna awo pakhonde. A Cipriano anadzuka, n'kuwayang'ana nthawi yaitali, mmene sanawayang'anirepo zaka zonse za ku Michigan. Za m'mawa zija zinali zitafufutika. Anakonza chipewa, n'kutsokomola pang'ono.

"Pepanitu mayi, musandione ngati wachipongwe. Kodi inu ndinu okwatiwa?"

"Ndine wokwatiwa, bambo."

"Kalanga ine. Amunanu ali kuti?"

"Ali pafupi pomwepa, ndipo ndi ansanje zedi. Lankhulani motsitsa."

A Cipriano anayang'ana uku ndi uku, n'kusendeza mpando wawo pang'onopang'ono kuti usalire.