Kwanuko akuthira mchere ndani?

Lachiwiri lapitali nditaweruka kuntchito ndinapeza mlongo wanga Esinati ali pakhomo panga, wachokera kumudzi ku Kapondo osatumiza ndi uthenga womwe. Pabwalo anali atasesa kale, mwana ali kumsana, mpiru uli pambaula. Ndinakondwa. Chimwalirireni mkazi wanga, nyumba ino simva kawirikawiri fungo la ndiwo zophikidwa ndi munthu wodziwa kuphika.

Tinalonjerana, ndinafunsa za amayi ndi za mtedza wa chaka chino, kenako ndinalowa m'nyumba. Ndikuvula nsapato ndinamva akuitana.

"Achimwene, tabwerani mudzathire mchere."

Ndinaima chilili, nsapato imodzi ili m'manja. Mawu amenewo ndinawamvapo kwa miyezi yambiri, pambaula yomweyo, kuchokera pakamwa pa munthu wina.

Mwina ena a inu okulira m'tauni simuzidziwa. Kwathu kuno mayi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amaphika zonse, koma pofika pa mchere amaitana wina. Akuluakulu amati akathira yekha, odyawo adwala mdulo, miyendo kutupa, chifuwa chosatha. Komanso masiku amenewo sagona mphasa imodzi ndi mwamuna wake. Mukhoza kuseka, inu ophunzira. Mwambowo sumva kuseka kwanu, ukugwirabe ntchito m'nyumba zambiri, ngakhale za anthu opemphera.

Ndinathira mcherewo. Esinati analawa n'kukwinya nkhope.

"Wachepa. Dzanja lanu ndi louma ngati la wogulitsa m'golosale."

Ndinawonjezera.

Titatha kudya anakhala pamkeka, n'kuyang'ana pansi. Mlongo sakamba za kumwezi ndi mchimwene wake, aliyense akudziwa. Kuti Esinati afike poyamba nkhaniyi ndi ine, ndiye kuti inali itamufika pakhosi.

"Sindinabwere kudzacheza ayi," anatero. "Ndabwera kudzachotsetsa izi."

Analoza mkati mwa mkono wake wamanzere. Ndi njira yolerera ija ya pamkono, timachubu tating'ono ngati timitengo ta machesi timene anesi amalowetsa pansi pa khungu, ndipo mayi amatha zaka zisanu osaima. Esinati anaikitsa chaka chatha. Mwana ali kumsanayu anabadwa kudzera pa opaleshoni, ndipo adokotala anamuuza mosabisa kuti chiberekero chake chipume zaka zingapo, apo ayi chilonda cha mkati chikhoza kung'ambika.

"Nanga bwanji ukufuna kuchotsa?"

"Magazi, achimwene. Sakutsatanso mwezi. Amasiya lero, mkucha abweranso. Si ambiri ayi, koma ndingathire mchere bwanji? Tsiku ndi tsiku ndiziitana a Nabanda a nyumba yakumtunda. Panopa akangondiona ndanyamula nkhuni, iwo amayamba kusamba m'manja. Tsiku lina kuchitsime anati, 'Mwanawe, mwezi wakowu ndi wa dziko liti, wosatha chonchi?' Amayi onse kuseka."

Nayenso anaseka pang'ono, kenako anasiya.

Mwamuna wake, alamu anga a Mvula, amayendetsa lole yopita ku Lusaka. Pakhomo amaonekera masiku ochepa pamwezi. Ulendo uliwonse amapeza mkazi wawo wayala mphasa yakeyake.

"Ulendo wathawu anati, 'Ndiye ndabwerera chiyani kuno? Kudzaona mbuzi?' M'mawa mwake analawira. Mukudziwa inu zimene madalaivala amachita akagona paboda. Ndi matenda alipowa, achimwene, ndidikire chiyani?"

Kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu anapitako kawiri. Koyamba anamuuza kuti apirire, zisiya zokha. Kachiwiri anati amene anaphunzira kuchotsa anasamutsidwa.

"Akandikanizanso kuchipatala cha kuno," anatero Esinati, "paboda pali bambo wina amachotsa ndi lezala. Mnzanga wina anapitako."

"Mkono wake uli bwanji?"

"Unatupa. Koma mchere akuthira yekha."

Taganizirani yankho limenelo, awerengi anga.

Pa wailesi ndi pamisonkhano ya chitukuko timamva madandaulo akuti amayi akuchotsetsa njira zokhalitsazi nthawi isanakwane, ya pamkono ndi lupu ya m'chiberekero yomwe. Olankhulawo amati vuto ndi umbuli. Amati amayi akumudzi amakhulupirira mphekesera zoti timachubu timayenda m'thupi mpaka kukafika kumtima. Mphekeserazo zilipodi, nanenso ndinazimva pakabaza. Koma Esinati sanatchule mtima. Akudziwa bwino kuti timachubuto tili pomwe anatiika. Akudziwanso chimene adokotala anamuchenjeza, amabwereza mawu ake osaphonya. Umbuli wake uli pati?

Chimene chilipo n'chakuti njirayi anaikonzera mkono, koma mayi sakhala ndi mkono wokha. Ali ndi mphika, ali ndi mphasa, ali ndi anzake a kuchitsime. Ambiri amasankha njira ya pamkono chifukwa ndi yachinsinsi, simeza piritsi pamaso pa anthu, supita kukabayitsa kawirikawiri. Ndiyeno mchere umaulula zonse. Mudzi wonse umadziwa za m'thupi mwako kuposa mmene umadziwira za mwana wa sukulu amene walephera mayeso.

Ndani anamuuza Esinati, tsiku loika lija, kuti kumwezi kukhoza kusokonekera, makamaka chaka choyamba? Ndani anamufunsa kuti kwanu mumatani pa nkhani ya mchere? Ndani anaitana a Mvula kuti amve ndi makutu awo kuti magaziwa si matenda, ndipo kuti chilonda cha opaleshoni sichipola chifukwa choti mwamuna wafika kuchokera ku Lusaka?

Ndipo n'chifukwa chiyani kuika n'kosavuta koma kuchotsa n'kovuta? Galimoto ya a zaumoyo imafika mpaka kumidzi ya kutali kudzaika. Yodzachotsa sindinaionepo. Masiku ano a matipate tonse takhala akatswiri a mawu akuti ufulu. Mayi amene akupempha kuti chinthu chichoke m'thupi mwake n'kuuzidwa kuti apirire, ufulu wake uli m'buku liti? Akatopa ndi kupirirako amapita kwa wa lezala. Akapola amauza anzake onse kuti asayerekeze, ukaika sachotsa.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti mkazi wanga, mayi a Chisomo, anatisiya dzinja lathali. Sindinalembepo za mmene zinakhalira, ndipo leronso sindilemba zambiri.

Naye anachira Chisomo kudzera pa opaleshoni. Naye anaikitsa ya pamkono. Pano paboma sizinkavuta, mchere ndinkathira ine, tinkaseka. Koma tikapita kwawo ku Dambe kunalibe kuseka. Azakhali ake ankawerenga masiku amene sanayandikire mchere, n'kumamufunsa pambali ngati akufuna kundipha kapena kundithamangitsira kwa akazi ena. Anatopa. Anapempha kuchotsa, ndipo anamuchotsa bwinobwino, mwaukhondo. Anati asinthire ku jekeseni. Mwezi umenewo jekeseni kunalibe, anamuuza kuti adzabwerenso mwezi wamawa. Pofika mwezi wamawawo anali ataima.

Chilonda chinali chisanapole. Basi, ndilekere pomwepo.

Ndiye mumvetse mmene ndinamvera Lachiwiri. Ndikamuuza Esinati kuti asachotse, ndikumubwezera kumphasa ya yekha, kukadikira mwamuna amene angadzabwere ndi matenda, kapena osabweranso. Ndikamuuza kuti achotse, njira imeneyo ndikuidziwa kumene inandifikitsa. Kwathu mchimwene ndiye mwini mbumba, amayenera kukhala ndi yankho. Ine ndinalibe.

Lachitatu ndinapempha tchuthi n'kumuperekeza kuchipatala. Ndinakhala panja pabenchi, mwamuna ndekha pakati pa amayi a sikelo, mwana wake ali pamiyendo panga. Mayi wina anandiyang'ana n'kuti, "Bambo, nanunso mwabwerera ya pamkono?" Benchi yonse inaseka. Sindinakwiye. Kusowa kwa amuna pabenchi imeneyo ndi mbali ya vuto lomweli.

Esinati anatuluka ndi kapepala ka mapiritsi. Anesi anamumvetsera mpaka kumapeto. Anamuuza kuti alipo mankhwala amene amathandiza amayi ena kuti magaziwo achepe, ayese kaye. Akapanda kusintha abwere, adzamuchotsa popanda kukangana, koma asadzatuluke pakhomo la chipatala wopanda njira ina tsiku lomwelo.

"Bwanji sanandiuze kale zimenezi?" anandifunsa tili m'njira.

Funso limenelo ndakhala nalo chaka chino chonse.

Sindikupempha kuti tithetse mwambo wa mchere ndi nkhani ya m'nyuzipepala. Sutha chonchi. Koma anankungwi amene amalangiza atsikana za mchere angathe kukhala pansi ndi anesi n'kugwirizana ngati timadontho ta njira ya pamkono n'chimodzimodzi ndi kumwezi kumene makolo ankanena. Oika angathe kunena zonse asanagwire mkono wa munthu. Ochotsa angathe kupezeka kumene oika amapezeka. Ndipo ife amuna tingathe kufunsa tisanakwiye.

A Mvula akuyembekezeka kudutsa paboda kumapeto kwa sabata ino. Ndasiya uthenga kwa anzawo oyendetsa malole kuti asapite kumudzi asanadzere kwanga. Sindikudziwa ngati abwere. Akabwera, sindikudziwa kuti ndiyambira pati, chifukwa munthu ndi mlamu wake amakamba za mpira ndi mitengo ya feteleza, osati za mphasa. Mwina ndidzangowatengera ku Dambe, akaone pamene pagona mayi a Chisomo. Esinati wanena kale kuti a Mvula akapanda kumvetsa, Lolemba abwerera kuchipatala kukachotsa, mapiritsi agwire ntchito asagwire.

Lero m'mawa, ndikulemba nkhani ino, anaphika nyemba zoti ndidzadye masana. Ndinamva supuni ikugunda m'mphepete mwa poto, kenako kunakhala zii. Ndinaika cholembera pansi, kudikira.

"Achimwene."

Ndinadzuka.

Nanga inu bambo mukuwerenga apa, miyezi yapitayi kwanuko akuthira mchere ndani? Munawafunsapo mayi a kunyumba kuti akupeza bwanji, kapena mumangolawa n'kunena kuti wachepa?