Bawuti ya Bambo a Thandie

Amuna anga, a Goodwin Kachale, ndi aja amayendetsa perekaniperekani m'maukwati a kuno ku Kawale mpaka ku Biwi. M'kati mwa sabata amasoka nsapato pakhonde la sitolo ina kumsika, koma Loweruka likafika amavala suti, n'kugwira maikolofoni, ndipo ngakhale munthu woumira amapezeka wapisa m'thumba. Chuma chawo chonse ndi pakamwa.

Tsiku lina akuchokera kuukwati ku Area 23, njinga yamoto imene anakwera inaterereka pamchenga. Iwo anadzuka, suti sinang'ambike, koma dzino lakutsogolo linatsala pamsewu. Kuyambira pamenepo akati aitane a kuchimuna, pampata paja pankatuluka kamluzu, ana m'holo n'kumawayeserera. Dzino lochita kuvula analikana. Amvekere: "Lidzandigwere m'mbale ya perekani anthu akuona?"

Mwana wathu Thandie, amene ndi namwino, ndiye anatitengera kuchipatala china cha mano m'tauni. Dokotala wake, mayi wofatsa, anafotokoza bwinobwino ine ndili pomwepo.

"Bambo, tiika kachitsulo kamazinga m'fupa la nsagwada. Fupalo liyenera kumera mpaka kukagwira kachitsuloko, ndipo zimatenga miyezi. Likagwira, m'pamene timangirirepo dzino. Musamakagwedeze, musamalume zolimba, ndipo fodya musiye."

"Ndiye kuti ndi bawuti basi," anatero amuna anga. "Zosavuta izo."

Zinali zosavuta kwa iwo. Atawaika kachitsuloko, ine ndinaphika phala, mbatata yopota ndi mazira mpaka ndinatopa nazo, eni ake akudandaula kuti ndikuwadyetsa ngati khanda.

Tikapita kokaonetsa, dokotala ankamangirira kamtengo kakang'ono pakachitsulo kaja, n'kulozetsapo chipangizo chooneka ngati cholembera. Chinkalira kuti tii, kenako n'kuonetsa nambala. Anati nambala ikafika cha m'ma sevente, ndiye kuti fupa lagwira. Ulendo wachiwiri nambala inatsika pang'ono. Dokotala anati zimatero poyamba, fupa lakale likamachoka kuti latsopano limere. Koma bambo a Thandie anatuluka akung'ung'udza mpaka m'minibasi.

"Makina amenewaja ndi onama. Bawuti ili m'kamwa mwanga, ndiye chondiuza n'chiyani? Ndiziyeza ndekha."

Ndipo anayezadi. M'mawa uliwonse ankaima pagalasi n'kumakankha ndi chala. Akamasoka nsapato ankakankha ndi lilime. Kutchalitchi ndinkaona mlomo wawo wam'mwamba ukutukumuka uku m'busa akulalikira. Ndinawapeza tsiku lina akugogodapo ndi supuni.

"Bambo a Thandie, mukutani?"

"Ndikumvetsera kulira kwake."

"Dokotala anati chiyani?"

"Dokotala sagona m'nyumba muno."

Fodya ankati anasiya, koma utsi unkatulukira pamwamba pa bafa ngati tikuotcha zinyalala. Ndikafunsa ankati ndi aneba. Ndinalankhula, ndinachonderera, ndinaitanitsa Thandie kuti awalankhule ngati namwino. Anamuyankha kuti matewera ake anachapa ndi iwo, chimene si choona n'komwe.

Mapeto ake anachitikira paukwati wina ku Chinsapo. Mwambo utatha, anyamata ootcha kanyenya anawapatsa nthuli yambuzi. Ine ndinali cha uko ndi azimayi, koma ndinaona akuikoka ndi mano akutsogolo, kenako n'kugwira pakamwa. Anabwera kudzandinong'oneza kuti, "Mayi a Thandie, bawuti ikuvina."

Lolemba dokotala sanavutike n'kuyeza komwe. Anakagwira ndi kopanira, kachitsulo n'kutuluka ngati chinangwa cha mumchenga. Anati fupa silinagwire, pangomera mnofu. Tiyenera kudikira kuti pachire, kenako tiyambirenso. Miyezi yonse ija ya phala!

Titatuluka tinalunjika kudepoti. Iwo anayamba okha.

"Mwina ndi mbuzi ija, inali yokalamba."

"Yokalamba ndinu," ndinatero. "Ulendo uno mukagwedezanso, mudziphikira nokha."

Kaya ndi mawu angawo, kaya ndi nkhope ya Thandie atamva, koma atawaika kachitsulo kachiwiri anasintha. Fodya anasiyadi, ngakhale kuti ukali wake tinaumva tonse m'nyumba, ndi mphaka yemwe. Manja ankawakhalira pampando kuopa kukhudza bawuti. Ku chipatala ankafika anthu asanatsekule, ndipo chipangizo chikalira ankadzutsa mutu kufuna kuona nambala, dokotala n'kumawagonekanso. Inakwera pang'onopang'ono. Tsiku limene inakwana, ekisileyi n'kuonetsanso fupa litakumbatira kachitsulo mbali zonse, anagwira dokotala chanza mpaka mayiyo anachita kuchotsa yekha dzanja.

Dzino analiika, labwinodi, loti sungalisiyanitse ndi enawo. Vuto n'lakuti tsopano pakamwa sipatsekeka. Amamwetulira kondakitala, amamwetulira wodzadula madzi. Mwezi watha anawapempha kuti alengeze za chipepeso pamaliro a mkulu wina wa mumpingo, ndipo anaimirira pamaso pa anamfedwa mano ali mbee. Ndinachita kudutsa pakati pa azimayi a chigwirizano n'kukawakoka jekete. Anakhala pansi, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati a kumbuyo analiona dzinolo.