Kalata inapita ku Blantyre, kanyama kanatsala ku Bua

Lolemba lapitali ndinapalasa njinga mpaka ku Bua kukafunsa ngati zotsatira za achemwali anga, a Mwanaisha, zabwera. Papita miyezi iwiri chiwadulireni kanyama pa chotupa cha m'bere kuti kakapimidwe ku Blantyre. Adokotala anakaika m'kabotolo ka mankhwala, n'kupereka kabotoloko pamodzi ndi kalata kwa amuna awo, alamu anga a Saidi.

Alamuwo ndinawapeza akusoka ukonde.

"Sanayankhebe," iwo anatero. "Chonsecho kalata ija ndinakaiponya ndekha ku positi, masitampa awiri."

"Nanga kabotolo kaja?"

Anandilozera pakhonde. Kabotolo kali phee, kotsukidwa bwinobwino, m'kati muli mbedza.

"Kanyamako tinakakulunga m'kansalu koyera n'kukakwirira mwaulemu kuseriku. Kwathu kuno chochoka m'thupi la munthu chimakwiriridwa, alamu. Mnofu wa mkazi wanga ungakwere basi ngati usipa?"

Ndinapsa mtima, sindibisa. Miyezi iwiri yathunthu achemwali akudikira yankho la kalata yopita yokha, uku chotupa chikukula. Pano mkono wamanzere akulephera kuukweza, mtsuko akuchita kuwasenzetsa.

Koma pobwerera, mkwiyo unayamba kundithera m'miyendo. Ine mphunzitsi wa tayi pakhosi, wolemba m'nyuzi mlungu ndi mlungu, kodi ndimadziwa chimene amakachita nako kanyamako? Ayi ndithu. Ndinkangodziwa kuti kamapita ku Blantyre, basi.

Lachiwiri ndinakafunsa mnzanga wina wogwira ntchito mu labotale. Anandiuza kuti khansa si imodzi, ili mitundumitundu, ndipo mankhwala ogonjetsa ina, inzake imangowaseka. Ku Blantyre amakacheka kanyamako mopyapyala kuposa khungu la anyezi n'kukayang'ana pa makina okulitsa zinthu kuti adziwe mtundu wake. Kumayiko a anzathu, akuti, amafika poweta tizidutswa ta khansayo m'timbale, n'kumadonthezerapo mankhwala osiyanasiyana kuti aone amene akuipha asanam'baye wodwala.

"Ife sitinafike pamenepo," anatero mnzangayo. "Koma popanda kanyama, dokotala adzingolota. Ndipo mankhwala a khansa ndi aukali, amathothola tsitsi, amasanzitsa. Si oyesera pa munthu."

Mawu amenewa sanathe mphindi zisanu. Mphindi zisanu zokha, abale, zimene palibe anawapatsa alamu anga tsiku lija.

Tsono wolakwa ndani? A Saidi anachita chimene makolo awo anawaphunzitsa, ndipo anachita ndi chikondi. Adokotala, pamzere pali anthu osawerengeka, anangoti "mutumize izi ku Blantyre." Alamu anavula chipewa n'kuti "chabwino, bwana." Aliyense anachoka akuyesa kuti mnzake wamva.

Apa ndi pamene pandiwawa. Chibwerereni matipate, pakamwa pathu panatseguka. Mu minibasi timadzudzula nduna, pamsika wa ku Benga timatsutsana za zipani mpaka tomato kuvunda. Koma tikangolowa m'chipinda cha dokotala, timabwerera m'masiku aja oopa ndi chithunzithunzi chomwe. Manja kumbuyo, maso pansi, "inde bwana." Ufulu wofunsa nduna tili nawo, nanga wofunsa za thupi lathu lomwe tinausiya kuti? Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife tikudyetsa phulalo odwala athu.

Nanunso a chipatala, musamayese kuti munthu akagwedeza mutu ndiye kuti wamva. Mukupereka mnofu wa munthu kwa m'bale wake amene ali ndi mwambo wake pa mnofuwo. Muuzeni chifukwa chake.

Lachitatu ndinabwerera ku Bua n'kufotokoza zonse monga ndinazimvera. Alamu atamva, ananyamuka kupita kwa ashehe. Anabwerako misozi ili m'maso.

"Akuti kupulumutsa moyo ndiko kumatsogola. Akuti ndikanawafunsa kaye."

Anatsala pang'ono kuyamba kudzitukwana, koma achemwali anawadula. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Kulira kwanuko kundichiza? Bere ndi langa. Adulenso, ndipo ulendo uno ndifunsa ndekha."

Anafunsadi. Lachinayi kuchipatala, asanagone pabedi kuti awadulenso kanyama kena, anawapanikiza adokotala: kanyamaka kakafika liti, kakaonedwa ndi ndani, yankho tikalitenge kuti, likachedwa tidzafunse yani? Adokotala anakoka mpando, nakhala pansi, n'kuyankha limodzilimodzi. Sanakwiye n'komwe.

Kaya miyezi iwiri ija yatilanda zingati, sindikudziwa, ndipo mantha ndili nawo. Koma kabotolo katsopanoka kokha sikagona panjira. Ndalemba ndemangayi Lachisanu m'mawa, ndili pa depoti kudikira kuti basi ya ku Blantyre inyamuke. Pafupi nane pakhala alamu a Saidi, amene anakana kwamtuwagalu kutsala. Kabotolo akakulunga m'kansalu koyera, akafumbatira pachifuwa ndi manja awiri, ndipo kondakitala atafuna kukaika pamwamba ndi katundu, anam'yang'ana diso limodzi lokha, iye n'kubwerera.

"Tikakapereka m'manja, Insha Allah," andiuza. "Ndipo ndikafunsa kuti akatha kukapima amakaika kuti."

Nanga inu, tsiku lomaliza limene munati "chabwino, bwana" kuchipatala, munamvadi?