Lipoti la a Mhango pa disiki yokana kumasuka

Ntchitoyi ndinaiona m'nyuzipepala: ofesi ina ya zaulimi ku Rumphi inkafuna woyang'anira kompyuta. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo ndinakwera basi ku Blantyre khadi yachipani ili m'thumba la malaya. Kompyutayo inali imodzi, yaikulu, mawaya ake opita kumasikirini a m'maofesi ena. Anzanga ankacheza m'Chitumbuka. Ine ndinkangodziwa "yewo", choncho ndinkaswera m'kachipinda kanga ndi phokoso la fani.

Disiki yosunga malipoti a fodya ndi chimanga inayamba kulira ngati chigayo. Katswiri wa ku Lilongwe anabwera ndi yatsopano pa tsiku loipa. Onse anali ku Hewe, kumaliro a mlangizi wamkulu, a Mhango, amene anakomoka ali pa ntchito n'kukamwalirira kuchipatala.

Disiki saichotsa asanaimasule. Ndinalemba umount, lamulo loimasulira. Makina anayankha kuti device busy, kutanthauza kuti wina akuigwiritsabe ntchito. Koma m'nyumba monsemo tinalimo awiri okha.

"Ingozimitsani zonse, achimwene," anatero katswiriyo. "Dalaivala sadikira."

Ndinalemba fuser, lamulo loonetsa amene wagwira disiki. Panatuluka dzina limodzi: mhango. Pulogalamu yolembera ya vi inali yotsegulabe pa sikirini ya mu ofesi ya a Mhango, muli lipoti lomwe sanasunge. Tikanazimitsa, likanatha kutayika.

Ndinakapempha kiyi wa ofesiyo kwa mlonda, a Nyirenda.

"Yayi, dada," anatero. "Mu ofesi ya malemu simulowa munthu abale asanadzatenge katundu. Jekete lawo lidakali pampando."

Sindinatsutse. Ndinabwerera kukachipinda kanga n'kulemba kill -HUP, lamulo louza vi kuti waya waduka, isunge zimene ili nazo. Kenako lamulo la vi -r linabweza lipotilo, ine n'kulikopera pa tepi. Nditalembanso umount, makina sanadandaule. Katswiri anasintha disiki, galimoto n'kunyamuka, fumbi lokha m'mbuyo.

Ndinatsala ndekha, ndikuwerenga. Lipotilo linathera pakati pa chiganizo: "Alimi a ku Bolero akupempha kuti". Ndinalisindikiza momwemo, osaonjezera kanthu, n'kukaliika patebulo la abwana. Panalibe woti ndimuuze.

Kuyambira tsiku limenelo, disiki ikakana sindiikakamiza. Ndimayamba ndafufuza amene waigwira.