Matope a mng'ono wanga

Mayi anamwalira nyengo ya mvula, zaka zimene anthu anangomva kuti matipate abwera n'kuyamba kugwetsa mitengo ya m'phiri la Ndirande ngati anadzala okha. Bambo anali atatsogola kale. Tinatsala awiri, ine wa sitandade faifi ndi mng'ono wanga yemwe anali asanayambe n'komwe sukulu.

Maliro atazizira, abale anasonkhana kwathu kudzagawana zovala za malemu. Abale ake amenewo! Mayi akudwala palibe anapondako, koma tsikulo bwalo linadzaza tho, a ku Mulanje, a ku Bangwe, a ku Machinjiri, ena oti nkhope zawo sindinazionepo. Zovala anaziyala pamphasa, amalume n'kumanyamula chimodzichimodzi akutchula mwini wake watsopano. Ine ndinkadziwa kuti zovala zikatha, ogawidwa otsatira ndife.

Azakhali a kumayadi, mlongo wa bambo, anabwera pagalimoto yamipando yovekedwa nsalu zoyera. Anandiitanira pambali.

"Ndikutengani nonse awiri, musasiyane," anatero. "Koma kwanga sikukhala anthu auve, wamva?"

Ndinamva. Mng'ono wanga ndinali nditamusambitsa kale, kumukwecha zidendene ndi mwala, kumudzoza mafuta, kumuveka diresi lake lakutchalitchi. Zovala zathu zina ndinazichapa m'mawa kuti tipite nazo zoyera, ndipo zinali pachingwe zikuvumbwa. Ndinamukhazika pakhonde n'kumuopseza kuti akangosuntha ndimukhaulitsa. Kenako azimayi anandiitana kukatsuka mbale za khamu lonselo.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali mtsetse. Chichokereni mitengo, mvula inkatsitsa dothi lofiira la m'phiri, loterera ngati therere. Tinkakhala pathumba la feteleza atatu atatu, mnzathu n'kutikankha, fyuu! mpaka kukagwera m'ngalande, matope m'kamwa, m'makutu, m'kabudula momwe. Kunalibe masewera okoma kuposa amenewo, ndipo tsikulo ana a abale onse anathamangira komweko.

Mng'ono wanga anangopita kukaonerera, ataima patali, atagwira diresi m'mwamba. Anyamata awiri a azakhali, amene kwawo sankaloledwa kuponda ngakhale kapinga, ndiwo anamunyamula n'kumukhazika pathumba. Ndikufika ndi thovu m'manja, ndinamupeza m'ngalande akuseka, maso okha ndiwo akuoneka.

Anyamatawo nawonso anali matope okhaokha. Mayi awo anangoseka, kuwapukuta ndi thaulo, n'kuwatulutsira zosintha m'buti. Atatembenukira kwa mng'ono wanga, nkhope inasintha.

"Aka sikalowa m'galimoto mwanga."

Ndinagwada. "Azakhali, ndimusambitsa pompano, sindichedwa."

"Avala chiyani? Zonyowa zija? Mipando yanga iwe!"

Ndinathamangira pamphasa. Chitenje cha mayi, chimene ankaberekera mwana yemweyo, chinali pamiyendo pa akazi awo a amalume. Ndinapempha kuti andibwereke ndimufunditse, ndidzabweza nditachapa.

"Chagawidwa kale ichi," anatero, n'kuchikhalira.

Anthu odzaza bwalo, aliyense atafungatira kamtolo ka zovala za mayi anga, palibe anamasula ngakhale duku. Ena ankaseka, akuti taonani kanyerere kachulu. Mpaka lero ndimawada, ndipo sindibisa.

Azakhali anati mvula ikubweranso, galimoto ititimira, mwanayo adzamutenga Loweruka atasamba. Amalume anandikankhira m'galimoto. Mng'ono wanga anatithamangira mpaka pamjigo akundiitana, matope akuuma m'masaya, kenako wina anamugwira mkono.

Lowerukalo silinafike. Kwa azakhali ndinapeza kuti wantchito anali atangochoka kumene, ndipo azakhaliwo ankafuna manja otha kukolopa, osati kamwa lina. Mng'ono wanga abale ena anapita naye ku Mulanje, kumene analera ana a eni mpaka kukwatiwa, sukulu osailawa.

Ine ndi mng'ono wanga tinadzaonananso patapita zaka zambiri, paukwati wa mmodzi wa anyamata aja, abale omwewo atadzaza holo. Azakhali, atakalamba, anamuloza ndi ndodo.

"Si kamatope kaja aka?"

Anthu anafa nazo nseko, iyenso anasekerera nawo. Kenako anabwera pamene ndinakhala, anagwada, n'kunena kuti, "Muli bwanji, anti?" Dzanja lake linali loyera bwinobwino, koma asanandipatse anayamba walipukuta pachitenje.