Tsiku limene Che Athumani anatiletsa kuwomba m'manja

Che Athumani anali telala. Ankasokera pakhonde la golosale ina kuno ku Mutare, pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi opita ku Zimunya. Tinadziwana kale ku Odzi, kumene iwo ndi malemu amuna anga, a Chrispen, ankagwira ntchito pa famu imodzi ya fodya. Mafamu atagawidwa, tonse tinamanga mitolo n'kudzachita lendi m'tauni. Che Athumani anabwera atasenza mutu wa mashini awo paphewa.

Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti ankadzera ku ofesi ya khonsolo kukawerenga zomatidwa pabolodi. Ankawerenga pang'onopang'ono, chala chikuyenda pagalasi. Anzawo a pakhonde ankawaseka.

"Che Athumani, mukufuna umeya kodi?"

"Ayi," ankayankha osasiya kupalasa mashini. "Ndikungofuna za pakhomo panga ndizimve ndekha, osati kuuzidwa ndi chigalimoto chogumula nyumba."

Kuseri kwa kaphiri ka kumapeto kwa tauni kuli manda athu, ife ochokera ku Malawi. Tilibe mudzi wokaikako maliro, choncho makolo athu anapempha malowo kalekale pomwe panali famu. Akhristu ali mbali imodzi, Asilamu mbali ina. Sitiika miyala yolemba mayina. Timangozika nthambi ya nkhadze kumutu kwa manda, ndipo banja lililonse limadziwa nkhadze yake. Nkhadzezo zinakula n'kugundana, moti mlendo amaona ngati ndi tchire chabe. Amuna anga ali kumeneko. Kulinso mayi Maliyamu, akazi a Che Athumani, ndipo pambali pawo iwo anasiyapo malo awoawo.

Chaka china tinaitanidwa ku holo. Mtsikana wojambula mapu a tauni, dzina lake Ruramai, anatifotokozera za mapuloti atsopano ndi msewu wopita kumeneko. Mapu anali patali, kutsogolo. Atamaliza anafunsa ngati pali wonena. Holo inangoti zii, kenako tonse tinawomba m'manja. Ndi mmene tinaleredwera m'makomboni: wa boma akalankhula suyankha, umamupatsa ulemu wake n'kubwerera kunyumba. Che Athumani nawonso anawomba.

Lachisanu lotsatira anakapempha kuona zimene zinalembedwa pa msonkhanowo, ndi mapu omwe. Kalaliki anadabwa chifukwa panalibe amene anazipemphapo, koma iwo anakhala pabenchi mwaulemu mpaka anawabweretsera. Atachoka kumeneko anafika kwathu atatuwa kukamwa.

"Amake Tongai, tapereka manda ndi manja athu," anatero asanakhale n'komwe. "Alemba kuti anthu avomera ndipo aombera m'manja. Pamapu, kuseri kwa phiri alemba kuti thengo. Msewu ukudutsa pa Chrispen, ukukhota pa Maliyamu."

Ndinangogwira chitseko.

Che Athumani anatseka mashini awo sabata imeneyo. Anakamupeza Ruramai n'kumupempha kuti msonkhano uchitikenso, koma kuphiri komweko. Mtsikanayo anavomera. Kenako Che Athumani anayenda khomo ndi khomo, kwa Akhristu ndi kwa Asilamu, ndi uthenga umodzi.

"Loweruka aliyense akaime pa nkhadze yake. Ndipo manja m'thumba! Amayi, manja m'chitenje. Amene aombe m'manja ndimusokera matumba manja ali momwemo."

Loweruka tinapita. Ndinaima pa nkhadze ya amuna anga, mwana wanga Tongai pa ya agogo ake. Tchire lonse linadzaza anthu oimirira m'mizere. Amayi achisilamu salowa kumanda, choncho anaima kumsewu. Mayi Hajara, mng'ono wa malemu Maliyamu, ankakuwa ali komweko: "Alamu, pitani chakumanja! Mwaima pa mkazi wa mwini!" Anthu anaseka ngakhale panali pamanda, ndipo Che Athumani anasuntha akupukusa mutu.

Ruramai anafika ndi mapu ake. Anayang'ana mizere ya anthu, n'kuyang'ananso pepala. Anafotokoza za msewu monga poyamba, koma mawu ake ankatsika. Atamaliza panalibe amene anawomba. Bambo Danai, a mpingo wathu, manja anali atatuluka kale, akazi awo n'kuwatsina.

"Sekuru," Ruramai anafunsa Che Athumani, akuwatchula agogo m'Chishona, "bwanji simunanene ku holo kuja? Munandiwombera m'manja nonse."

"Tinkawombera inu, mwanangu, osati msewu. Kulakwa n'kwathu. Lero tabwera ndi pakamwa."

Anthu anayamba kutchula mayina a amene agona pansi pa nkhadze zawo, ndi mafamu kapena migodi imene ankagwirako ntchito. Inenso, amene sindilankhula pagulu, ndinatchula amuna anga. Ruramai ankalemba. Pomaliza Che Athumani anamupempha kuti awerenge mokweza zimene walemba, tonse timve, ndiponso kuti mapu akakonzedwa akamatidwe pabolodi pomwe aliyense angaone. Anawerenga, ndipo pamene panasoweka dzina anawonjezera.

Mapu atsopano anachedwa. Lachisanu lililonse Che Athumani ankapita kukaona, n'kudzera kwathu kudzandiuza kuti sanatuluke. Mvula itayamba anabwera atanyowa, akumwetulira. Msewu unali utazungulira phiri, ndipo pamene panalembedwa thengo tsopano panalembedwa manda.

Che Athumani anamwalira chaka chatha. Anawaika pamalo awo aja, pambali pa mayi Maliyamu, ndipo nkhadze yawo yayamba kale kuphuka. Oyendetsa makombi amadandaula kuti msewuwo unakhota popanda chifukwa. Ine Lachisanu ndimadzera pabolodi paja, ndipo ndikapeza za kwathu kuno ndimakauza a pakhonde la golosale.