Wachitatu Kuchokera Kumanzere

Mayi wophunzitsa mbiri yakale pasukulupo anali ndi chithunzi chimodzi chokha cha bambo awo. Chaka chilichonse, ikakwana nthawi yophunzitsa za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ankachitulutsa mu envelopu yakhaki. Pachithunzipo panali asilikali asanu ndi atatu ataima kutsogolo kwa lole, nkhope zili mbuu ngati zothiridwa phulusa.

"Wachitatu kuchokera kumanzereyu ndi bambo anga," ankatero, chala chili pachipewa cha msilikaliyo.

Bambowo anamwalira mayiwa akadali kumsana, ndiye nkhondo yonse anaiwerenga pankhope imeneyo. Ana akaweruka, iwo ankatsalira m'kalasi, fumbi la choko likuyandama padzuwa la pawindo, n'kumamuyendetsa msilikaliyo m'maganizo. Ankamukweza sitima yapamadzi, kumudutsitsa m'nkhalango ya mvula yosakata, kumukhazika pamwala kuti afinye masokosi. Kukacha, zonsezo ankawauza ana, ndipo ngakhale belu linkachita manyazi kuwadula pakamwa.

Kutatsala sabata kuti apume pantchito, achemwali awo aakulu anabwera kudzacheza. Anachiona chithunzicho patebulo, n'kuvala magalasi.

"Iwe, mwana wa eni ake wamufufuta chonchi ndi chala bwanji? Bambo si awa. Bambo ndi awa akumapetowa."

Kumapetoko kunali phewa, khutu limodzi ndi theka la chipewa. Wojambulayo, kaya ankathamangira kuti, anamudula munthu pakati.

"Ayi achemwali, amayi ankaloza apa."

"Amayi ankaloza ndi mlomo, manja ali m'beseni akuchapa. Iwe unangodzisankhira wooneka bwino."

Achemwaliwo anaseka mpaka kutsokomola. Koma mphunzitsiyo mtima unamuwawa, osanama. Moyo wonse kumalota munthu wachilendo, bambo ako ali pambali pomwepo!

Tsiku lomaliza anaima kutsogolo kwa ana, chithunzi chili m'manja. Anayang'ana khutulo nthawi yaitali. Anayesa kulikweza sitima, kulilowetsa m'nkhalango, koma khutu lokha silinayende. Ana ankadikira mawu amene akulu awo onse anawamvapo.

"Ana inu, ndakhala ndikukunamizani osadziwa," anatero. "Bambo anga ndi khutu ili, ndipo nkhope yawo sindidzaiona. Wachitatuyu sindikumudziwa dzina, kaya kwawo alipo amene amamukumbukira. Koma ndamulira kuyambira ndili kamwana, ndiye musamuchotse, nayenso ndi wanga."